Bulangeti la Zidutswa Khumi ndi Ziwiri

Anthu a kuno ku Kaseye amati ndine wouma manja chifukwa sinditaya kanthu. Chitini cha mafuta ophikira ndimachitsuka, msomali wopindika ndimauwongola pamwala, ndipo mkazi wanga Namsukwa amati tsiku lina ndidzatola utsi n'kuusunga m'botolo. Ndimangoseka. Khalidwe limeneli ndinabwera nalo kuchokera ku migodi ya ku Zambia, kumene ndinathera unyamata wanga wonse, ndipo sindichita nalo manyazi. Chimene chimandichititsa manyazi ndi bulangeti limodzi, ndipo ndi limene ndikufuna kunena.

Ndinachoka kuno mwana wathu woyamba asanayambe kukwawa. Chaka chimenecho chimanga chinakana, bambo anga anagulitsa mbuzi kuti ndipeze yokwerera. Pa Boma pa Chitipa anyamata a chipani anaima pakhomo la basi kufunsa makadi, ndipo amene analibe ankabwezedwa ndi katundu wake yemwe. Langa ndinali nalo, nditalikulunga m'kapepala ngati mankhwala. Namsukwa sanalire. Anandipatsa nthochi zowotcha ndi chitenje chake chimodzi, n'kunena kuti, "Mukakafika mukalembe, musakachite ngati amuna ena aja." Ndinadutsa pa Nakonde, kenako malole, kenako basi ina, mpaka ndinafika ndili wofiira ndi fumbi kuyambira kumutu.

Ndinkaganiza kuti ndikalowa pansi kukakumba miyala ya kopa, n'kudzabwera kumudzi ndi chifuwa chotambalala. Dokotala wa pamgodi anandikweza pasikelo, anandigogoda pamsana, napukusa mutu. Anati ndine wopepuka. Anandiponya m'gulu losamalira malo: kusesa maofesi, kukolopa m'chipatala cha kampani, kutsuka zimbudzi za pakomboni ndi kukankha wilibala ya zinyalala kupita kudzala. M'makalata opita kumudzi ndinkangolemba kuti ndikugwira ntchito pamgodi. Za tsache sindinazitchulepo ngakhale kamodzi.

Ndinafika nthawi ya chisanu. Pakomboni ya amuna okhaokha tinkagona asanu ndi mmodzi m'chipinda, pamabedi achitsulo, ndipo ine chofunda changa chinali chitenje cha Namsukwa chija. Tsiku lachitatu m'mawa ndikutsuka ndowa pampope, manja atauma ndi kuzizira, ndinatukwana madziwo m'chilankhulo chakwathu. Bambo wina wamfupi, woyenda motsimphina, anaima n'kundiyang'ana.

"Mukufuma nkhu, adada?"

"Ku Chitipa. Ku Kaseye."

"Ine nili wa ku Nthalire, ku Chitipa komweko. Ndiwe wakwithu iwe," anatero akuseka. "Ndiye ukutukwana madzi ngati kuti ndiwo anakuuza kuti ubwere kuno?"

Awa anali a Munthali. Anali atagwirapo ntchito pansi mpaka mwala unawaphwanya phazi, ndiye kampani inawapatsa chokolopera m'malo mowabweza kwawo. Ankanunkhiza fodya wa m'mphuno, ndipo pokolopa ankaimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi, nyimbo imodzi kukwanira khonde lonse la chipatala. Ndiwo anandiphunzitsa kufinya chokolopera osathyola msana, ndi kulonjera Ababemba, eni dziko, kuti asandione ngati mlendo wodzikuza.

Ndiwonso anandiphunzitsa za kondemu. Chipatala ndi nyumba za alendo a kampani zinali ndi mabulangeti aubweya, otuwa, olemera, okhala ndi mzere wofiira m'mbali. Bulangeti likang'ambika pang'ono kapena likathimbirira, a kochapira ankalidula ngodya imodzi n'kunena kuti ndi kondemu, kutanthauza kuti kampani yathana nalo. Pamalamulo linkayenera kuwotchedwa kudzala. Koma owotcha tinali ife, ndipo palibe munthu wobadwa kwa mayi amene angaike moto pa bulangeti loti likhoza kufundidwa zaka zina khumi. Choncho gulu lathu linali ndi mzere wakewake, wosalembedwa paliponse. Aliyense ankadziwa amene ali patsogolo pake ndi amene ali pambuyo pake. Tinali ambiri, mabulangeti ankatuluka apo ndi apo, moti ukalandira lako unkadikira zaka ziwiri kapena kuposa kuti nthawi yako ifikenso. Palibe ankadumpha mnzake. Azungu ankadziwa kapena sankadziwa, ife sitinkafunsa.

Mwezi umene ndinafikawo inali nthawi ya a Munthali. Analandira bulangeti lawo Loweruka, n'kubwera nalo m'chipinda mwathu, n'kuliponya pabedi langa.

"Funda, wakwithu. Mano ako akutisowetsa tulo."

Ndinakana monga mwa ulemu, iwo anangotuluka. Pochita zimenezo anabwerera kumapeto kwa mzere. Ine panthawiyo sindinkadziwa kuti kumapetoko n'kutali bwanji.

Zaka zinapita mmene zimapitira kwa munthu wa tsache. Ndinkatumiza kangachepe kumudzi kudzera kwa madalaivala a malole amene ankadutsa pa Nakonde, nyumba yathu inalandira malata, mwana analowa sukulu. Ndikabwera patchuthi ndinkavala jekete ngakhale kukutentha, ndipo anthu ankandifunsa kuti pansi pamgodi pali mdima wotani, ine n'kumawafotokozera zimene ndinamva kwa a Munthali. Iwo nthawi yawo inafikanso kamodzi, bulangetilo anatumizira akazi awo a NyaGondwe ndi ana. Ankanena kuti lotsatira ndi la amayi awo, chifukwa ku Nthalire mphepo yochokera ku Nyika sisewera ndi okalamba.

Kenako mtengo wa kopa unagwa. Ife tinazimva kudzera m'mimba tisanazimve pawailesi. M'masitolo mashelefu anayamba kuoneka matabwa okhaokha, sopo ndi mafuta kumazipeza utaima pamzere kuyambira m'mamawa. Azungu ambiri analongedza n'kumapita, ndipo gulu lathu linalandira bwana watsopano, munthu wakuda mnzathu wa komweko, wophunzira kunja, dzina lake bwana Mulenga.

Tsiku lake loyamba sanakhale mu ofesi. Anavala magambutsu, anatiitana tonse kudzala, natiuza kuti tikhuthule mabini pansi. Anayamba kufukula zinyalala ndi ndodo, ife titaima mozungulira tikuyang'anana. Anatola botolo la sopo wamadzi loti mkati mukadali sopo. Anatola mapepala olembedwa mbali imodzi yokha. Anatola burashi yothyoka kamtengo kokha, ndi buledi wathunthu wochokera kukhitchini.

"Zonsezi kampani inagula," anatero m'Chinyanja chake chosakaniza. "Inagula kuti mudzazikankhe pawilibala kubwera nazo kuno? Kuyambira lero chinthu tisanachigule tizifunsa kaye kuti chikatha chidzapita kuti."

Ndinene zoona, zimene anachita munthu uja zinali zanzeru, ndipo mpaka lero sindimuda. Sopo wa m'timabotolo analetsa, n'kuyamba kugula wa m'migolo ikuluikulu. Aliyense ankabwera ndi botolo lake lomwelo kudzathiriridwa, ndipo mgolo ukatha unkabwerera kwa ogulitsa kukadzazidwanso. Maburashi ochokera kunja anasiya kuitanitsa, m'malo mwake ankagula masache kwa amayi a m'midzi yozungulira, amene ankabwera Lachisanu atasenza mitolo pamutu. Zotsala za kukhitchini ankatenga mlimi wina wa nkhumba. Mapepala aja tinkawadula n'kuwamata kukhala timabuku tolembamo mauthenga. Ndowa yobooka inkapita kwa owotcherera, osati kudzala. Pasanathe miyezi ingapo dzala lija, limene linkafuka utsi usana wonse, linkangoyaka kamodzi pamlungu.

Mumtima ndinkaseka kuti munthu mpaka kukwera ndege kukaphunzira zimene amayi anga ku Kaseye amachita osapita kusukulu. Kwathu chitini chimakhala kapu, kenako nyale, kenako chothirira mbewu, mpaka dzimbiri litachimaliza. Koma pamene ndinkaseka choncho ndinkafunanso kwambiri kuti bwanayo andione. Ndinali nditatopa ndi tsache. Ndinali nditafika sitandade sikisi, ndinkadziwa kulemba, ndipo ndinkaona kuti ndine wosiyana ndi anzanga.

Mwayi unabwera tsiku lina pamsonkhano wa m'mawa. Zokolopera za thonje zimene zinkachokera kunja zinali zitasiya kubwera, ndipo zimene tinali nazo zinali zitatsala ndodo zokha. Bwana Mulenga anafunsa ngati pali amene ali ndi nzeru. Ine ndinakweza mkono ngati mwana wa sukulu.

"Mabulangeti a kondemu, bwana. Ubweya umamwa madzi bwino. Tikhoza kumawadula."

Anandiyang'ana ndi maso owala. "Panopa amapita kuti mabulangeti amenewo?"

Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndimapadziwa bwino ngati pamene pali chipsera pamwendo wanga. Ndikanatha kunena kuti amafundidwa ndi ana athu kumudzi. Ndinamva anzanga kumbuyo kwanga atasiya ngakhale kupuma.

"Amawotchedwa, bwana," ndinatero.

"Kuwotcha ubweya!" Anagwira kumutu. "Iwe, dzina lako ndani?"

Mlungu womwewo ndinakhala kapitawo. Anandipatsa khoti la khaki, makiyi a chipinda chosungiramo katundu, kachipinda kogona ndekha, ndi sizasi yaikulu ya telala. Tinayeza ndi bwana n'kupeza kuti bulangeti limodzi limatulutsa zidutswa khumi ndi ziwiri, ndipo tinagwirizana kuti wokolopa aliyense azilandira chidutswa chimodzi Lolemba lililonse. Kalata imene ndinalembera Namsukwa mlungu umenewo inali ya masamba atatu.

Amene anali patsogolo pa mzere wa kondemu nthawi imeneyo anali a Munthali. Ndinkadziwa. Ndinkadziwanso za kalata imene a NyaGondwe anawalembera, chifukwa ndine ndinawawerengera, maso awo atayamba kuvuta. Inkati amama akutsokomola kwambiri, akugona moyandikira moto chifukwa cha kuzizira, moti tsiku lina chitenje chawo chinagwira moto n'kuwatentha mwendo. M'masitolo mabulangeti munalibe, ndipo akabwera ankakhala opyapyala oti ukhoza kuwerengera nyenyezi, n'kutha anthu asanafike theka la mzere.

Mabulangeti atatu a kondemu anabwera kumayambiriro kwa Meyi. Ndinawayala patebulo m'chipinda chosungiramo katundu. Limodzi linali labwino kwambiri, longothimbirira pakati ndi mankhwala a chipatala. Ndikunola sizasi ndinamva kutsimphina kuja pakhonde. A Munthali analowa, anavula chipewa, chinthu chimene sanachitepo pamaso panga.

"Wakwithu," anatero. "Undisiyireko limodzi. Ili lokha."

"A Munthali, lamulo lasintha. Inunso munalipo."

"Enya, ndinalipo. Ndinamva zonse. Koma bwana sakudziwa kuti abwera angati. Ukudziwa ndiwe."

Zinali zoona. Bwana Mulenga sankabwera kudzawerenga mabulangeti, ankandikhulupirira. Koma kukhulupiriridwa komweko ndi kumene kunandiledzeretsa. Ndinayankhula mawu ambiri tsiku limenelo, onena za kukhulupirika, onena kuti ife Amalawi ndife alendo ndipo akayamba kuchotsa anthu adzayambira ife, onena kuti ndikapatsa mmodzi mawa abwera khumi. Iwo ankangomvetsera akupotokola chipewa m'manja. Nditamaliza ndinaona kuti sakuchoka, ndipo chifukwa chosowa pothawira maso awo, ndinagwira bulangeti labwino lija n'kulowetsa sizasi. Ubweya wolemera umalira ukamadulidwa. Ndinadula mpaka kumapeto iwo akuonerera.

"Yewo, a kapitawo," anatero, n'kuvala chipewa chawo.

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso wakwithu.

Lolemba lililonse ankaima pamzere ndi anzawo, n'kutambasula dzanja, ine n'kuikapo chidutswa chimodzi. Patapita milungu itatu ndinazindikira kuti zidutswa zawo sizikunyowa. Ankakolopa khonde la chipatala ndi chiguduli chakale, atagwada, phazi lopunduka lija atalitambasulira kumbali. Chiguduli chikatha ankatola china kukhitchini. Nyimbo zija anali atasiya.

Lamulungu lina masana ndikudutsa kuseri kwa komboni ndinawapeza atakhala padzuwa, atatsamira khoma. Pamiyendo pawo panali zidutswa zinayi zolumikizidwa, ndipo ankasoka ndi singano yaikulu yosokera matumba, ulusi wake wosomola m'thumba la ufa. Ankayandikitsa nsaluyo kumaso kwenikweni kuti aone pobaya. Sanabise.

"Mukusoka chiyani, a Munthali?" Funso lopusa, koma ndi limene linatuluka.

"Ndikusoka bulangeti, a kapitawo. Latsala zidutswa eyiti."

Ndinachoka ndikudziona ngati munthu wachifundo chifukwa sindinakawanenere. Taonani mmene mtima wa munthu umadzinamizira. M'chipinda chosungiramo katundu zidutswa zinali mulu kufika m'chiuno, makiyi ali m'thumba mwanga. Zisanu ndi zitatu zikanakwana pansi pa khoti langa la khaki, bulangetilo likanatha tsiku lomwelo, n'kukwera lole ya Lachitatu chisanu chisanafike pachimake. Anzathu akanawathandiza ndi zidutswa zawo, koma ine ndemwe ndinali nditalengeza kuti ndiziyendera ndowa ya aliyense kuona ngati chidutswa chake chilimo, ndipo ndinkayenderadi. Ndowa ya a Munthali yokha ndi imene ndinkailambalala, n'kumati ndikuwachitira zabwino.

Panalinso bulangeti lina. Lija anandiponyera pabedi chaka chimene ndinafika linali likadali pabedi langa, ngodya yake yodulidwa ili kumiyendo. Ndinaliganizira kangapo. Iwo sakanalipempha, munthu sapempha chimene anapereka. Koma ine kulinyamula kupita nalo kwa iwo kukanakhala kuvomera kuti ndinalakwa, ndipo masiku amenewo khoti la khaki linali lisanandilole kulakwa. Ndinadziuza kuti milungu khumi ndi iwiri si yambiri.

Meyi anatha, Juni anatha. Chaka chimenecho kunazizira moti madzi a m'ndowa ankaluma zala. Lolemba lililonse dzanja lija linkatambasuka, ine n'kuikapo chimodzi.

Kalata inafika mlungu wa khumi. Sanabwere nayo kwa ine, anakawerengetsa kwa mnzathu wina wa ku Rumphi, ndipo ndinamva kwa ameneyo. Amayi awo anali atamwalira, ndipo pamene kalatayo inkafika anali ataikidwa kale masabata awiri apitawo. Panalibe chopitira. Anthu akwathu anasonkhana m'chipinda mwawo madzulo ataweruka kuntchito, anaimba nyimbo ziwiri zitatu. Ine ndinapita, ndinakhala pafupi ndi chitseko, ndinanena kuti pepani. Anayankha kuti yewo, osandiyang'ana.

Ndinkaganiza kuti basi zathera pomwepo. Koma Lolemba lotsatira anaima pamzere n'kutambasula dzanja. Ndinatenga zidutswa ziwiri kuti ndiwapatse zonse zotsala, iwo anatenga chimodzi n'kubweza chinacho patebulo.

"Lamulo likuti chimodzi, a kapitawo."

Anabweranso Lolemba linalo kudzatenga chomaliza. Mlungu wotsatira anayamba kukolopa ndi chidutswa cha kampani ngati wina aliyense.

Kumapeto kwa chaka chimenecho kampani inachepetsa antchito, ndipo monga ndinanenera, inayambira alendo ndi olumala. A Munthali anali zonse ziwiri. Tsiku limene lole inabwera kudzawatenga ndinadzitsekera m'chipinda chosungiramo katundu, ndikunamizira kuthira sopo m'mabotolo. Ndinamva lole ikulira mpaka phokoso linazimirira.

Ine ndinakhalabe zaka zina zingapo. Ntchito inkayenda, bwana Mulenga anakwezedwa, anthu a migodi ina ankabwera kudzaona mmene tinkachitira, ndipo iye ankandiloza kuti uyu ndi amene anapeza nzeru ya mabulangeti. Nthawi yanga yobwerera itakwana ndinapita kukatsanzika kwa bwanayo. Anandipatsa mpando, chinthu chimene chinandimasula lilime, ndipo ndinamufotokozera zonse: za mzere wa kondemu, za a Munthali, za singano ya matumba.

"Bwanji sunanene tsiku lija?" anafunsa. "Ndinakufunsa kuti amapita kuti. Bulangeti limene munthu akufunda silinatayike. Tikanadula ong'ambika kwambiri okhawo, abwinowo anthu n'kumatenga monga kale. Ine ndinkalimbana ndi moto wa kudzala, osati ndi amayi a munthu."

Ndikanakonda akanandikalipira. Zaka zonsezo ndinkadzitonthoza kuti linali lamulo la kampani, ndipo tsiku limenelo ndinadziwa kuti lamulolo ndinalipanga ndine.

Ndinafika pa Chitipa ndi masutikesi awiri ndi njinga. Wa kasitomu, mnyamata wa kumwera woyankhula Chichewa chosalala, anafukula katundu wanga, anapeza bulangeti lotuwa lodulidwa ngodya, naseka kuti, "Bambo, zaka zonsezi kunja mwabwerako ndi chimenechi?" Kumudzi ndinapeza bambo anga atagona kumanda zaka zitatu. Mwana wanga, wamtali kundiposa, anandipatsa moni wa manja awiri ngati ndine mlendo wochokera ku Boma. Namsukwa anali ataphunzira kukhala popanda ine. Ankagulitsa nyemba kumalire, ankadziwa mawu a Chiswahili amene ine sindinkawamva, ndipo makiyi a nyumba ankakhala pa chingwe m'khosi mwake. Sindikudandaula, anachita bwino. Koma kapitawo uja anathera pa Nakonde, kuno ndinali munthu wofunsa kuti mchere uli pati.

Chaka chathunthu chinatha ndisanapite ku Nthalire. Ndinkati msewu ndi woipa, ndinkati mvula, ndinkati ntchito ya kumunda. Tsiku lina Namsukwa akuyanika zofunda anafunsa chifukwa chake bulangeti lotuwalo sindilifunda koma sindilolanso kuti ana alifunde. Ndinamuuza. Anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali m'chiuno.

"Ndiye mukudikira chiyani? Kuti nawonso afe?"

Ndinakwera lole ya chimanga m'mwezi wa Julayi, bulangetilo nditalimanga ndi luzi. Loleyo inafa kawiri panjira, ndipo tinafika dzuwa litapendeka. Nditafunsa za a Munthali opunduka phazi amene anali ku migodi, anthu anandilozera nyumba ya udzu m'mphepete mwa phiri. Ndinawapeza atakhala pakhonde, tsitsi lonse layera, maso ataphimbidwa ndi ng'ala. Ndinagwada patali n'kunena monire.

Anapendeketsa mutu. "Mawu awa ndikuwadziwa. A kapitawo?"

"Ndine, adada."

"Mwafika ku Nthalire? NyaGondwe, tola mpando, kwiza mlendo wa ku migodi."

A NyaGondwe, amayi aatali osayankhulayankhula, anabweretsa kampando ndi madzi akumwa. Tinafunsana za moyo, za ana, za anzathu amene anamwalira ndi amene anatsalira konko. A Munthali ankakumbukira aliyense, ngakhale mlimi wa nkhumba uja. Kenako ndinamasula luzi n'kuika bulangetilo pamiyendo pawo.

Analisisita ndi manja onse awiri mpaka zala zinapeza ngodya yodulidwa ija. Anamwetulira.

"Ukadali nalo?"

"Ndabweza, adada. Linayenera kubwera kale. Ndinalakwa, ndinalakwa kwambiri. Ndikanatha..."

"Enya, ukanatha," anatero mosakweza mawu. Sanandithandize kumaliza, ndipo sananene kuti palibe kanthu. Analipinda bwinobwino n'kulikankhira kwa ine. "Ili ndinakupatsa iwe. Amama mphepo sakuimvanso. Tenga, ukafunditse ana ako."

Dzuwa linalowa kuseri kwa phiri ndipo mphepo ya ku Nyika inayamba kutsika. Ine ndinali nditazolowera za ku Kaseye, koma iyi inali ina, yolowa m'mafupa. Ndinali ndi malaya okha, jekete nditaliiwala palole, ndipo bulangeti limene anandibwezera sindikanatha kulifunda pamaso pawo. Ndinayesa kudzigwira koma mano anayamba kugundana.

A Munthali anaseka, kuseka kwakale kuja kwa pampope. "Mano awa sanasinthe. NyaGondwe, mupatseni mlendo chofunda. Chija chabwino."

Amayiwo analowa m'nyumba, anatuluka, n'kundiika chinthu cholemera pamapewa. Ndisanachiyang'ane n'komwe, zala zanga zinakhudza msoko wokhuthala wa ulusi wa matumba. Ndinautsatira mpaka unakumana ndi wina. Zidutswa zotuwa, china chodera, china chowala, mzere wofiira uli pakati pamene suyenera kukhala, wina wopingasa. Ndinaziwerenga ngakhale ndinkadziwa kuti zilipo zingati.

"Ndilo labwino m'nyumba muno," anatero a NyaGondwe. "Timasungira alendo."

A Munthali anatambasula dzanja, dzanja lomwe lija la Lolemba, n'kugwira m'mphepete mwa bulangetilo.

"Unkadula mowongoka, wakwithu," anatero. "Silinavute kusoka."

Ndinalira, bambo wamkulu wa imvi, pakhonde la eni ake, ndipo iwo anandisiya kuti ndilire. Mphepo inkawomba koma sinkadutsa. Ndinkafuna kuti mwina lipezeke lopyapyala, lolowa mphepo m'misoko, kuti ndidziuze kuti ngakhale likanafika msanga silikanathandiza. Koma posakhalitsa mano anga anasiya kugundana, ndipo msana wonse unatenthedwa. Bulangetilo linali lokwanira kufunditsa munthu wokalamba chisanu chonse.